Mkwatibwi wa M'chithunzi

Komponi Namba 4, Joni
11 Malichi 1973

Okondedwa amake Julia,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu, wa mwana wathu Julia ndi wa amayi anu. Kaya malungo aja anawasiya? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Nanunso amalume a Pearson, amene mukuwerenga kalatayi mokweza pakhondepo, landirani moni wanga. Chonde muwawerengere zonse, musamalumphe mizere ngati muja munachitira ndi ya pa Khirisimasi.

Pepani kuti ndakhala chete kuyambira Januwale. Kunali timavuto pang'ono kuntchito, koma tinatha. Tsopano sindikutsikanso pansi pa mgodi. Andiika pamwamba, m'nyumba ya nyali, momwe timapukuta ndi kukonza nyali zimene anzathu amavala pachipumi akamatsika. Malipiro achepako, koma dzuwa ndikuliona tsiku lililonse, ndipo Loweruka timaweruka masana.

Nkhani yaikulu ndi iyi, musaseke: mwamuna wanu wabwerera kusukulu. Ku lokeshoni ya pafupi ndi komponi yathu kuli koleji ya anthu wamba, m'holo ya tchalitchi. Simulowa ana ayi, timalowamo ife a ndevu, ophika, alonda, a m'migodi. Ena akuphunzira zomanga, ena za mawaya a magetsi. Ine ndinasankha mbiri ya anthu, mabuku a nthano ndi ndakatulo, ndi phunziro lina limene ntchito yake n'kufunsa mafunso basi. Anzanga a m'chipinda amati, "Hubert, zimenezo zimadyedwa?" Ndimangoti dikirani muone. Aphunzitsi athu, a Mahlangu, akuti ndi Sitandade sikisi yanga ya kumishoni ija nditha kulemba mayeso a setifiketi mu Novembala.

Amene anandikokera kumeneko ndi Swaibu wa pa Benga, mwana wa a Fakiri atelala aja. Mwina mukumukumbukira, wamfupi, wamakutu ngati zogwirira za poto, anatithandiza kusenza mpunga chaka cha ukwati wathu. Timakhala benchi imodzi. Iye akuti anabwerera tiyi amene amagawa pa folo koloko, koma ndi amene amakweza mkono kuposa tonse.

Ndatumiza marandi khumi kudzera ku ofesi. Choyamba mugule khadi la chipani, lanu ndi la amayi, kuti asadzakubwezeni pamsika nsomba zili pamutu. Yotsalayo mulipe opalira mpunga. Bwato langa muwabwereke a Kalilu asodzi aja azipalasa, lisang'ambike ndi dzuwa pamtunda.

Ine mwamuna wanu,
Hubert

Komponi Namba 4
29 Epulo 1973

Amake Julia,

Moni wochuluka kwa nonse pa Chia. Ndakondwa kumva kuti amayi ayambanso kupita okha koviika chinangwa, ndiye kuti mphamvu zabwerera. Kuno kwayamba kuzizira, madzi am'mawa amaluma, koma thupi lili bwino.

Amalume, mwafunsa kuti kodi ku Joni ndinadzera ndalama kapena ndakatulo. Ndinadzera ndalama, ndakatulo ndazitola panjira. Inu nomwe munkatikwapula kusukulu ya mishoni kuti tiloweze masalimo, lero mukudabwa chiyani?

Sabata latha a Mahlangu anapachika mapu aakulu nati aliyense aloze kwawo. Ndinafufuza mpaka ndinaipeza Nkhotakota, ndipo m'munsi mwake kadontho kobiriwira ngati njere ya nyemba. Ndinaikapo chala n'kunena kuti, "Apa pali mkazi wanga." Kalasi yonse inaseka, koma ine mtima unangoti myaa.

Kenaka anatiwerengera za malonda a anthu amene ankachitika padoko lathu kalekale. Zinali zowawa kumva, makamaka pamaso pa anthu a mitundu ina. Agogo a Swaibu anali a mbali ya zombo, anga anali a mbali ya magoli. Tinabwerera kukomponi limodzi. Pofika pageti iye anasenda lalanje, nandipatsa theka lalikulu, nati, "Idya, m'bale wanga." Ndinadya.

Tsono phunziro la mafunso lija, mverani. Anatifunsa kuti chombo chikabooka, n'kuchotsa thabwa limodzi kuika latsopano, chaka china linanso, mpaka matabwa onse akale atha, kodi chikadali chombo chomwe chija? Tinakangana mpaka tiyi anazizira. Mzulu wina anati n'chatsopano, Msutu anati iye chombo sanachionepo ndiye zisamukhudze. Swaibu anati bola mwini wake akuchizindikira padoko, n'chomwecho. Ine ndinafunsa kuti nanga thabwa likachoka osaikapo lina? A Mahlangu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati tipitirize sabata lamawa.

Mbalame zayamba kumpunga, ndikudziwa. Musamangodalira zitini za pachingwe, mpheta za pa Chia zinazolowera, zimavina nazo. Mukakolola musagulitse wonse, matumba awiri akhale a m'nyumba. Shuga kuno wakwera, kaya uko.

Ndatumiza sileti, kope ndi mapensulo anayi a Julia. Ndaikamonso chithunzi changa nditaima pakhomo la koleji, buku kukhwapa. Muone mmene jekete ikundikhalira, ngakhale ndi yobwereka.

Wanu,
bambo a Julia

Komponi Namba 4
10 Juni 1973

Amake Julia,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ndipo mpunga walowa m'nyumba. Ine ndili ndi kachimfine, koma nthiti zikundipweteka ndi kuseka, osati ndi chifuwa. Dzulo tinachita sewero.

A Mahlangu amati mabuku sakwana kuwerenga kokha, munthu aziimirira n'kuvala nkhaniyo. Ndiye anatilembera okha sewero la mnyamata amene anapita kutauni, nabwerera kwawo kukakwatira. Ine anandisankha kukhala mkwati, akuti chifukwa ndine wamtali ndipo ndimaoneka ngati wolakwa. Vuto linali mkwatibwi, poti m'kalasi mwathu ndife amuna okhaokha. Tinachita mayere ndi timitengo ta machesi, kakafupi kanagwera Swaibu.

Anakana masabata awiri. Anati, "Bambo anga akamva, andichotsa m'banja." Tinamunyengerera ndi mabanzi mpaka anavomera, ndipo tsiku lometa ndevu zake anakhala ngati waferedwa. Tinamuveka katani yoyera ya pawindo la holo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ndi magolovesi a kukhitchini. Pachifuwa tinaikapo malalanje awiri. Amalume pepani, werenganibe.

Holo inadzaza, anthu a ku lokeshoni ndi ana awo. Pofika pa malumbiro ine mawu onse anandithawa, ndinangoti kakasi. Mkwatibwi anandinong'oneza ndi kamawu kakang'ono, kenaka chifuwa chinamugwira, n'kutsokomola ndi liwu la bambo wa pa Benga. Lalanje limodzi linagwa n'kugubuduka mpaka pamapazi a abusa. Anthu anagwa m'mabenchi. Mphete anandiveka kudzanja lamanja, koma a Mahlangu anati zilibe kanthu, palibe amene anaona. Potsiriza anatigwira chanza nati kalasi ngati yathu sanakhalepo nayo, kaya kunali kutiyamikira.

Kunabweranso wojambula wa ku lokeshoni, anatijambula awirife lalanje titalibwezera. Akuti achikongoletsa ndi utoto. Chikatuluka ndimupatsira Alufandika, mnyamata wa kwathu ku Mwadzama amene ali pa komponi ina, akunyamuka sabata lamawa. Abwera ndi phukusi la bulangete lanu ndi duku la amayi, chithunzi chikhala m'kati. Kalatayi ndaiponya pa positi lero, ifika iye asanafike, kuti mukamachiona mukhale mukudziwa kale zoseka.

Mwati mapensulo a Julia atha kale. Anayi, m'mwezi umodzi? Mwanayo akulemba kapena akudya? Ndaikamo ena.

Ndatha ine,
Hubert

Komponi Namba 4
22 Julayi 1973

Kwa amalume a Pearson, ankhoswe onse, ndi amake Julia,

Moyo wanu ndikufunsa, ngakhale wanga lero sindikuudziwa bwino. Kalata yanu ndaiwerenga, chakudya chandikanika.

Ndiye kuti Alufandika anafika msanga, kalata yanga n'kutsalira m'njira mwezi wathunthu. Makalata a masiku ano mukuwadziwa, amapumira m'manja ambiri. Ndipo mnyamata ameneyu, m'malo mopereka phukusi kwa eni ake lili lomanga, anayamba walimasula, n'kuonetsa chithunzi pa Benga ponse. Atamufunsa akuti iye sakudziwa kanthu, za ku Joni n'zambiri. Ndikadzakumana naye tidzakambirana bwino.

Amalume, mwalemba kuti kalata yofotokoza za sewero ndinailemba pambuyo nditamva kuti zaululika, chifukwa munthu wophunzira amadziwa kubweza deti. Mwalembanso kuti mkaziyo ndi wokongola, wa milomo yofiira ndi masaya osalala. Ameneyo ndi Swaibu, amalume. Swaibu mwana wa a Fakiri. Milomo anapaka ndi wojambula. Maluwa ndi nkhunda ziwiri za m'mbalizo anaikanso yemweyo, amatero ndi chithunzi chilichonse chimene waonapo nsalu yoyera. Nditamuwerengera Swaibu kuti ndi wokongola anagubuduka pansi ndi phwete, mpaka anzathu anamuthira madzi. Ine sindinaseke.

Ndinakwatira kamodzi, paguwa, inu nomwe mutaimirira kumbuyo kwa Muriel, amake Julia. Zandiwawa kwambiri kuti mwakhulupirira katani ya pawindo kuposa ine.

Mwagamula kuti kontirakiti yanga ikatha kumapeto kwa Seputembala ndikhale nditafika, apo ayi banja latha, katundu wanga mukatula kwathu ku Mwadzama. Ndikudziwa kuti ndine mkamwini, nyumba ndinamanga pamudzi panu, ndipo mawu a ankhoswe sindingawalumphe. Koma mayeso ali mu Novembala, ndipo ndinapempha kale kuwonjezera miyezi iwiri. Ndikanyamuka mu Seputembala ndiye kuti chaka chonse chagwera m'madzi. Ndagwira mwendo wanu, ndipatseni mpaka Khirisimasi.

Setifiketi imeneyi si yokongoletsera khoma. Nayo nditha kupempha uphunzitsi pa sukulu ya mishoni. Ntchito ya ukonde ndi nkhafi, mmene ndikuonera ine, mwina... koma zimenezo tidzakamba ndikadzafika. Bwato lija a Kalilu akalifuna muwagulitse, musalimbane nawo mtengo.

Amake Julia, m'kalata monse muli mawu a amalume okhaokha. Akuti inu munachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kuchiika m'sutikesi pamodzi ndi china chija cha pakhomo la koleji, osanena kanthu. Nenani kanthu, ngakhale kunditukwana.

Ndine mkamwini wanu,
Hubert

Komponi Namba 4
12 Ogasiti 1973

Amake Julia ndi amalume,

Moni nonse. Ndili bwino, mphepo yokha ndi imene ikutizunza, fumbi la m'mapiri a mchenga wa mgodi likulowa mpaka m'mano.

Yankho lanu ndalandira, amalume, kuti mlandu sugamulidwa ndi makalata, pakufunika mboni yooneka ndi maso. Mwanena zoona. Ndiye ndikukutumizirani mkwatibwi mwini wake.

Kontirakiti ya Swaibu yatha, akwera ndege ya Wenela, kampani yotibweretsa kuno, Lachitatu. Iye mayeso alibe nawo ntchito, akuti nzeru zimene watola zikwana kukangana nazo pa shopu ya bambo ake mpaka ukalamba. Poyamba anakana kubwera kwa inu. Anati, "Ine ndapalana ubwenzi ndi Saida wa kuboma, ukufuna akamve kuti ndinakwatiwa kale ku Joni?" Ndinamukumbutsa amene ankamulembera ntchito ya m'kalasi ya mbiri miyezi yonseyi. Pamenepo anati, "Insha Allah, ndipita, koma ndili ndi mfundo zanga."

Mfundo zake ndi izi. Mlandu usakhale Lachisanu. Ana asakhalepo. Nkhuku mukamuphera, azinge yekha, mpeni abwera nawo. Ndipo katani savala pokhapokha zitavuta zedi. A Mahlangu atamva nkhani yonse anavula magalasi n'kupukuta misozi ya kuseka, kenaka anati kataniyo titenge, holo ikhala ndi windo limodzi lamaliseche mpaka banja la wophunzira wawo litakhazikika. Ndevu za Swaibu zameranso, ndiye muyang'ane pamwamba pa ndevuzo.

Amalume, mwadandaulanso kuti amake Julia akumasowa pakhomo Lachinayi lililonse masana, akuti ali kwa amayi a Jenifa, akazi a akatekisiti, ndipo akabwera sanena zimene amakachita. Asiyeni. Munthu amene wanenedwa pa Benga ponse kuti mwamuna wake wakwatira ku Joni ayenera kukhala ndi kopumira. Ine sindikuwakayikira, ngakhale iwo akundikayikira.

Za mapensulo ndasiya kufunsa. Ndamupatsira Swaibu bokosi lonse.

Kusukulu tayamba ndakatulo zakale za anthu olira kwawo ali kutali. Ndinkaganiza kuti ndi ife tokha a ku Joni amene tinayamba zimenezi, kani anthu anayamba kalekale. Tinauzidwa kuti aliyense alembe yake. Yanga sindiika muno, poti iwerengedwa pakhonde.

Wanu nthawi zonse,
Hubert

Komponi Namba 4
23 Seputembala 1973

Okondedwa amake Julia,

Ndikhulupirira kutentha sikunakufooketseni, ndipo Julia chifuwa chija chinatha. Ine ndili bwino, ndikudya ngati munthu tsopano.

Makalata awiri afika tsiku limodzi, ya amalume ya mizere isanu ndi ya Swaibu ya masamba anayi. Mundiuze ngati wanama. Akuti anafika pa njinga, n'kupeza mudzi wonse uli pansi pa mtengo wa mango, ana amene anawakana aja ali m'nthambi. Akuti atanena kuti mkwatibwi ndi iye, amalume anamuyang'ana ndevu nati, "Iwe mwana wa a Fakiri, Hubert wakulipira zingati?" Analumbira, sanamumvere. Ananena mawu a m'sewero ndi kamawu kake kaja, anati aliyense angathe. Mapeto ake anatulutsa katani.

Akuti atadzifunditsa, mayi wina anathamangira kunyumba n'kubwera ndi mapapaya awiri aang'ono, poti malalanje si nyengo yake. Amalume anavala magalasi, chithunzi kudzanja, n'kumuzungulira kawiri. Kenaka anati, "Makutu ndi omwewa." Akuti nthungululu zinamveka mpaka tsidya la Chia, ndipo tsopano akamadutsa pa Benga anyamata amamuvulira zipewa n'kumati, "Mwadzuka bwanji, mayi a kwa Hubert?" Saida akuti anaseka mpaka analira, ubwenzi ulipobe. Mnzanga ameneyu ndidzamulipira chiyani ine?

Amalume, zikomo kuti mwandipatsa mpaka Khirisimasi. Nkhuku imene mwandilipiritsa chifukwa chotangwanitsa akuluakulu ndavomera, ndi yoyenera. Pa marandi asanu ndi atatu ndatumizawa mugule tambala wamkulu. Mwalemba kuti munkadziwa kale kuti pali chachilendo pa mkaziyo. Sinditsutsa.

Koma pali mawu amodzi m'kalata ya Swaibu amene andichotsera chimwemwe. Akuti anthu onse akuseka, inu amake Julia simunaseke. Akuti munamupatsa madzi osamba m'manja, munamuthokoza, kenaka munati, "Mlandu wa amalume watha, wanga sunayambe." Atafunsa kuti mlandu wanji, munati mudzanena nokha kwa mwini wake. Akutinso a Kalilu anabwera ndi ndalama za bwato, inu n'kuwabweza.

Ndalakwanso chiyani? Ndakhala ndikufufuza m'mutu mwanga ngati munthu wotaya singano mumchenga. Ngati ndi kuchedwa kwangaku, nenani, mayeso ndiwasiya, ndikwera ndege yotsatira. Ndikunena zoona. A Mahlangu akuti mbiri ndikhoza bwino ndikapanda kulemba ngati ndikukamba nkhani pamaliro, koma setifiketi yopanda inu ndikaipachika m'nyumba ya yani?

Ndikudikira,
Hubert

Komponi Namba 4
28 Okutobala 1973

Muriel,

Kalata yako yafika Lachisanu. Nditaona envulopu ndinadabwa kuti amalume dzanja lawo latani, mizere ikutsetsereka ngati ikupita kudambo. Nditatsegula ndinakhala pansi pomwepo, pakhomo la nyumba ya nyali, anthu akundilumpha.

Ndiyambe ndi moyo monga mwa nthawi zonse. Uli bwanji, mkazi wanga? Zaka zonsezi funso limeneli limadutsa pakamwa pa amalume, lero lafika lokha.

Kani mapensulo a Julia ankathera kwa amayi a Jenifa Lachinayi. Ine n'kumanamizira mwana kuti akudya. Ndaiwerenga kalatayo mpaka ndailoweza, ndipo ndikulembera pano kuti uone kuti palibe liwu limene landisowa:

"Ndalemba ndekha. Swaibu ndinamudziwa tsiku lomwelo, makutu. Ndinakhala chete kuti amalume akuitaneni mubwere msanga. Pa zithunzi zonse ziwiri dzanja lamanzere lili m'thumba. Mphete ili kumanja. Bwato mukuti ligulitsidwe. Dzanja lili bwanji? Yankhani ine, ndiwerenga ndekha. Lembani mayeso mubwere."

Iwe mkazi iwe. Mudzi wonse unali kuyang'ana milomo ya Swaibu, iwe uli pa thumba la jekete. Ndipo unamusiya mwana wa a Fakiri avale katani pamaso pa anthu, ukudziwa. Ameneyo tisadzamuuze mpaka atakwatira.

Ndiyankha iwe. Mu Januwale ngolo ya miyala inandipana pansi pa mgodi. Ndinagona m'chipatala mwezi ndi kanthu. Zala zitatu za kumanzere zinatsala komweko, ndatsala ndi chachikulu ndi cholozera. Bala linapola, silipweteka, kupatula kukazizira. Kapu ndimagwira, batani ndimamanga, buku ndimatsegula. Nkhafi sindingaigwire tsiku lonse, ukonde sindingakoke, ndipo khasu sindikudziwa.

Ndikanalemba bwanji zimenezi, kalata ikuwerengedwa pakhonde, anthu atazungulira? Mkamwini pamudzi amamuyesa ndi manja ake, iwe ukudziwa. Ndinkaona kale anthu akundiyang'ana n'kumanong'onezana kuti uyu adzalima ndi chiyani. Ndinachita mantha, Muriel, mantha enieni, kuposa a pansi pa mgodi. Ndinalowa koleji kuti ndidzafike ndi pepala kudzanja lamanja, anthu asadzayang'ane lamanzere. Kenaka maphunzirowo ndinawakonda okha, mpaka Loweruka lina ndinkaiwala kuti ndili ndi chobisa.

Ndakatulo ija ndaiika m'kati muno. Si yabwino kwenikweni, a Mahlangu anati ili ndi mpunga wambiri. Uiwerenge pang'onopang'ono, ukakakamira pa liwu usapite nalo kwa amalume.

Mayeso tiyamba pakati pa Novembala, ndege ndi ya sabata loyamba la Disembala. Bwato wachita bwino kulisunga. A Kalilu azipalasabe, tizigawana nsomba, ine ndizikhala kutsogolo n'kumawafunsa mafunso opanda mayankho mpaka atope nane. Amalume uwauze wekha za dzanjali, mmene ungaonere, ndipo uwapatse moni. Ntchito yowerenga yawathera, uwagulire fodya wa pamphuno asadandaule.

Tsopano tembenuza pepalali. Ndaika dzanjalo pansi n'kulizunguliza ndi pensulo. Ndi limenelo, sindinawonjezere kapena kuchotsapo. Uliyang'ane wekha mpaka ulizolowere, kenaka umuonetse Julia, asadzathawe bambo ake. Ndikadzatsika basi pa Chia silidzakhala m'thumba. Ndidzalikweza m'mwamba, kuti undizindikire ndikadali patali.

Ine wako,
Hubert